Kodi Ndege ya Jeti Ikadampulumutsa Hitler?

Ndiloleni ndibweretse pa masamba ano mkangano umene unabuka kogona kwathu usiku wina magetsi atazima, umene mpaka lero sunathe bwino. Tinali titangophunzira za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndipo mnzathu wina, amene amakonda zithunzi za ndege koposa nsima, anaimirira pa bedi lake nanena motsimikiza kuti Ajeremani anagonja chifukwa cha kupusa kwa munthu mmodzi basi. Iye anati iwo anali nayo ndege yothamanga koposa zonse, yotchedwa Messerschmitt 262, ndipo Hitler akadapanda kuisokoneza, bwenzi lero tonse tikuphunzira Chijeremani m'malo mwa Chingerezi. Ambiri anamuombera m'manja. Ine ndinakana, koma pakuti mawu ake ndi aakulu kuposa anga, ndinaoneka ngati wogonja. Tsono popeza pa pepala palibe wolankhula mokweza kuposa mnzake, ndati ndiyankhire pano.

Poyamba ndimvomereze mnzangayo pa zimene ananena zoona. Ajeremani ndiwo anayamba kuulutsa ndege ya jeti. Pa 27 Ogasiti 1939, kutatsala masiku 5 okha kuti nkhondo iyambe, kandege kotchedwa Heinkel 178 kanauluka pafupi ndi mzinda wa Rostock, woyendetsa wake ali Erich Warsitz. Amene anakonza injini yake anali Hans von Ohain, mnyamata wa zaka 27 zokha, ndipo ndalama zinachokera kwa Ernst Heinkel, mwini fakitale ya ndege. Ku Britain nako kunali Frank Whittle, amene analembetsa nzeru yomweyo ku boma kale mu 1930, koma akuluakulu a kwawo anamnyozera zaka zambiri, kotero kuti ndege yoyamba ya injini yake inadzauluka mu Meyi 1941.

Kwa iwo amene sadziwa kusiyana kwake, ndege zonse za masiku amenewo zinali ndi chikupizo kutsogolo, chimene chimazungulira ndi kukoka ndegeyo monga nkhafi ikankhira bwato. Chikupizo chili ndi malire ake, pakuti chikafika pa liwiro lina sichithanso kugwira mphepo bwino. Injini ya jeti ilibe chikupizo chotere. Imameza mpweya kutsogolo, niupanikiza, niuthira mafuta ndi kuuyatsa; ndipo mpweya wotenthawo potuluka kumbuyo mwamphamvu ukankha ndege kupita patsogolo. Koma usanatuluke umayamba wapyola pa gudumu lokhala ndi timipeni tambiri tachitsulo, niulizunguza, ndipo gudumu limenelo ndilo limayendetsa chopanikiza mpweya chija kutsogolo. Musaiwale timipeni timeneti, pakuti mlandu wonse uli pa ito.

Messerschmitt 262 inauluka koyamba ndi mphamvu ya jeti yokha pa 18 Julayi 1942 ku Leipheim, m'manja mwa Fritz Wendel. Inali ndi injini ziwiri, imodzi pansi pa phiko lililonse. Inkathamanga mailosi ngati 540 pa ola, pamene Mustang, ndege yabwino koposa ya America yoperekeza zoponya mabomba, inkafika ngati 440. Pamphuno pake panali mizinga inayi, ndipo zipolopolo zake zowerengeka zinali zokwana kuthyola ndege yaikulu. Inde, inalinso yokongola. Ine ndemwe ndikaona chithunzi chake ndimayamba ndakhala chete.

Nkhani imene mnzanga amaikhulupirira imayenda motere. Mu Meyi 1943 Adolf Galland, mkulu wa asilikali oyendetsa ndege zolimbana ndi ndege zinzake, anaiyesa ndegeyi naikonda kwambiri, napempha kuti ipangidwe yambiri msanga kuti ithamangitse adani amene anali kugumula mizinda ya Germany. Mu Novembala chaka chomwecho anaionetsa kwa Hitler ku Insterburg, ndipo iye anafunsa ngati ingathe kunyamula mabomba. Anamuyankha kuti ingathe. Mu Meyi 1944, atamva kuti pafupifupi zonse zimene zinapangidwa sizinali zonyamula mabomba, anapsa mtima nalamula kuti ndegeyo ikhale yoponya mabomba basi. Zonsezi zinachitikadi. Chimene ndikukana ine ndi mawu otsatirapo, akuti lamulo limenelo ndilo linachedwetsa ndegeyo ndi kutayitsa nkhondo.

Tifunse kaye kuti nkhaniyi tinaimva kwa yani. Amene anaifalitsa kwambiri ndi akuluakulu a nkhondo a Germany amene anatsala ndi moyo, makamaka Galland mwiniyo m'buku lake la 1953. Sindikuti ananama dala. Koma tonse tikudziwa kuti timu ikagonja pa mpira, aliyense amaloza goloboyi. Nanga kuli bwanji goloboyiyo atamwalira, osatha kudziyankhira? Hitler anali munthu woipa amene dziko lonse linamuda, chotero kumsenzetsa kulephera konse kunali kosavuta, ndipo kunawasiya akuluakuluwo akuoneka ngati anzeru amene sanamveredwe. Pambuyo pake akatswiri a mbiri anafufuza m'mabuku a mafakitale, napeza chinthu china.

Chinthu chimenecho ndi injini. Mu 1943 monse ndi theka loyamba la 1944, matupi a ndege akadatha kupangidwa, koma injini zodalirika zoikamo kunalibe. Injiniyo, yotchedwa Jumo 004, inakonzedwa ku kampani ya Junkers motsogozedwa ndi Anselm Franz. Gudumu lija la timipeni linkazungulira ka 8,700 pa mphindi imodzi, lili m'kati mwa moto. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi wosula makasu adziwa kuti chitsulo chikafiira pa mvukuto chimafewa ndi kupindika. Kuti chisatero chimafunika kusakanizidwa ndi zitsulo zina zosowa, makamaka nickel ndi chrome. Injini zoyamba zoyesera, zimene anathiramo zitsulo zimenezi mosaumira, zinayenda bwino, ina mpaka maola 100. Koma Germany inalibe nickel ndi chrome wokwana injini zikwizikwi. Chotero Franz anakakamizidwa kuikonzanso injiniyo ndi chitsulo wamba chopakidwa aluminium pamwamba, ndi kupititsa mpweya wozizira m'timipeni kuti tisasungunuke. Kunali kuchenjera kwakukulu, koma kunadya nthawi. Timipeni tinkasweka ndi kunjenjemera, ndipo injiniyo sinayambe kutuluka yochuluka m'mafakitale kufikira pakati pa 1944. Ngakhale pamenepo, moyo wake unali maola 10 mpaka 25 okha. Taganizani, anzanga: galimoto imene injini yake iyenera kuchotsedwa ikayenda tsiku limodzi ndi usiku wake!

Tsono ngati injini zinayamba kupezeka pakati pa 1944, ndipo Hitler analamula za mabomba mu Meyi 1944, kodi iye anachedwetsa chiyani mu 1943? Palibe. Lamulo lakelo linapatutsa ndege zina kwa miyezi yowerengeka, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho linali litafewetsedwa kale. Kuyesa ndegeyi ngati yolimbana ndi zinzake sikunaleke, ndipo kumapeto kwa Julayi 1944 inayamba kukumana ndi adani m'mwamba. Ndionjezere chimene ena sadzakondwera nacho: ganizo la Hitler silinali la misala monga amanenera. Iye anadziwa kuti adani adzaoloka nyanja kudzakocheza ku France, ndipo anafuna ndege yothamanga yoti iwaponye mabomba akadali pamchenga. Cholakwika chinali chakuti pa 6 Juni 1944, tsiku limene anakochezadi ku Normandy, panalibe ndi imodzi yomwe yokonzeka, kaya ya mabomba kaya ya mizinga.

Za zitsulo zija, zinthu zinangonka ziipiraipira. Chrome wambiri Ajeremani ankamgula ku Turkey, ndipo dzikolo linaleka kuwagulitsa mu Epulo 1944. Nickel ankamkumba ku Petsamo, kumpoto kwa Finland, ndipo migodi imeneyo inawapulumuka Finland itasiya kumenya nawo nkhondo mu Seputembala chaka chomwecho. Adani awo analibe vuto lotere. Anali ndi nickel wa ku Canada, ndi chrome wa ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kumene agogo athu ambiri anapita kukagwira ntchito m'migodi. Nchifukwa chake injini za jeti za Angerezi zinkayenda maola oposa 100 zisanafune kumasulidwa. Mwina machona ena amene ankaswa miyala kumeneko sanadziwe kuti thukuta lawo linali ndi gawo pa mlandu wa m'mwamba mwa Europe.

Tibwere ku chiwerengero. Ndege za mtundu wa Messerschmitt 262 zimene zinapangidwa zonse zinali ngati 1,400, ndipo zimene zinamenyako nkhondo zinali ngati 300. Zinazo zinaphwanyidwa zili pansi, kapena zinakhala zopanda injini, kapena zinakanika kufika kwa asilikali chifukwa njanji zinali zitagumulidwa. M'chaka cha 1944 chokha America inapanga ndege zoposa 90,000, osawerengera za Britain ndi Russia. Pa 18 Malichi 1945 majeti 37 ananyamuka pamodzi kukatchinjiriza Berlin, ndipo limenelo linali gulu lalikulu koposa limene anali atasonkhanitsapo kufikira tsikulo. Anakumana ndi ndege zoponya mabomba zoposa 1,200, ndi mazana a zoziperekeza. Anagwetsako zina ndithu, koma mawa lake adaniwo akadatha kubweranso ochuluka chimodzimodzi. Mkango ndi wamphamvu kuposa linthumbu, koma linthumbu likalowa m'phanga, mkango ndiwo umasamuka.

Palinso nkhani ya mafuta. Pano ndiyenera kunena chilungamo, kuti injini ya jeti sinali yosankha. Inkamwa mafuta otsika, ofanana ndi dizilo, osati petulo wabwino wa ndege zina. Koma kuyambira Meyi 1944 adani anatembenukira mafakitale amene Ajeremani ankapangiramo mafuta kuchokera ku malasha, monga ya ku Leuna, ndipo mu Ogasiti zitsime za ku Ploesti, m'dziko la Romania, zinagwa m'manja mwa asilikali a Russia. Petulo wa ndege anasowa kotero kuti sukulu zophunzitsa oyendetsa zinafota. Mnyamata wa ku Germany ankatumizidwa kunkhondo ali ndi maola ophunzira osafika theka la maola a mnzake wa ku America kapena ku Britain. Ndipo jeti sinali ndege ya wophunzira. Woyendetsa akakankha chowonjezera mafuta mofulumira, injini inkazima kapena kuyaka moto. Anayenera kuchikankha pang'onopang'ono ngati munthu wothira mchere m'ndiwo, ngakhale mdani ali kumbuyo kwake.

Adani sanachedwe kuona chilema chimenechi. M'mwamba sakadatha kuipeza, koma ponyamuka ndi potera inali yochedwa ndi yolemera, ndipo inkafuna bwalo lalitali losavuta kuona. Tsono iwo ankangozungulira pafupi ndi mabwalowo nkumadikira, monga mphamba adikira anapiye pakhomo pa khola. Walter Nowotny, mmodzi wa oyendetsa otchuka koposa a Germany, amene anapatsidwa gulu loyamba la majeti olimbana ndi ndege, anafa pa 8 Novembala 1944 pafupi ndi bwalo lake lomwe ku Achmer, gululo lisanathe miyezi iwiri. Ndipo m'mwamba momwemo jeti sinali yosagwetseka. Pa 24 Malichi 1945 asilikali akuda a ku America, aja a ku Tuskegee, amene kwawo komwe ena ankati munthu wakuda sangayendetse ndege, anagwetsa majeti atatu pa ulendo wa ku Berlin ali m'ma Mustang a chikupizo. Ndikamaganiza zimene Hitler ankaphunzitsa za anthu a khungu ngati lathu, nkhani imeneyi imandikoma.

Mnzanga adzati, "Chabwino, koma tiyerekeze kuti injini zikadakonzeka msanga, nakhala nawo majeti 1,000 kumayambiriro kwa 1944." Ndilola tiyerekeze. Ndivomera kuti ndege za America zoponya mabomba usana zikadaona zoopsa, kapena zikadaleka kwa kanthawi. Koma Angerezi ankaponya mabomba usiku, pamene liwiro silithandiza kwenikweni. Ndiponso iwo anali ndi jeti yawo, Gloster Meteor, imene inayamba ntchito mu Julayi 1944. Sanaifulumize kwambiri chifukwa anali kupambana kale ndi ndege zimene anali nazo, ndipo ndege ziwirizi sizinakumane pa nkhondo. Akadapanikizika akadaifulumiza. Choposa zonse, asilikali ambiri a Germany sanafere kumadzulo koma kum'mawa. Anagonja ku Stalingrad mu Febuluwale 1943 ndi ku Kursk mu Julayi chaka chomwecho, jeti isanaombe mfuti ndi kamodzi komwe, ndipo mu Juni 1944 asilikali a Russia anaphwanya gulu lawo lalikulu la pakati. Ndege yokonzedwera kugwetsa ndege zinzake kutali m'mwamba sikadaimitsa akasinja zikwizikwi obwera pansi. Chimene jeti ikadachita ndi kutalikitsa nkhondo miyezi ingapo. Ndipo tikumbuke kuti bomba la atomu linakonzeka mu Julayi 1945, Germany itagonja kale mu Meyi. Nkhondo ikadatalika miyezi itatu yokha, sindikhulupirira kuti akadapindula ndi Ajeremani.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipweteka mtima usiku uja, chimene ndinalephera kuchinena mumdima. Pamene anzanga ankaomba m'manja, ankalankhula ngati kuti nzachisoni kuti ndege yokongola chotere sinapatsidwe mwayi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi tikudziwa amene anaipanga? Mafakitale atayamba kuphulitsidwa, boma la Hitler linasamutsira ntchitoyo m'nkhalango ndi pansi pa mapiri, ndipo okumba mapangawo ndi ogwira ntchito m'menemo ambiri anali akaidi a m'misasa yachibalo ndi anthu ogwidwa ukapolo m'maiko ogonjetsedwa. Ku Gusen, m'dziko la Austria, akaidi ankapanga matupi a ndegeyi m'mapanga amene anakumba okha. Ku Leonberg ankapanga mapiko ake m'ngalande ya msewu yopyola pansi pa phiri. Ku Kaufering, pafupi ndi Landsberg, Ayuda zikwi zambiri anasenzetsedwa simenti yomangira mafakitale obisika, ndipo zikwi za iwo anafa ndi njala, matenda ndi kumenyedwa. Sindikukayika kuti amene anafa pomanga mafakitale a ndegeyi ndi poipanga anachuluka kuposa amene ndegeyo inawapha pa nkhondo. Mwezi uliwonse umene jeti ikadawonjezera pa nkhondo ukadakhala mwezi winanso wa misasa imeneyo. Munthu akamati "zikadatheka", ayambe wadzifunsa kuti akufunira yani mwayiwo.

Ndipo pali kandege kena kamene ife a msinkhu uno tiyenera kukadziwa. Mu Seputembala 1944, zinthu zitafika pothina, boma linaitanitsa jeti yotsika mtengo, ya injini imodzi, yoti ipangidwe ndi anthu osaphunzira umisiri. Kampani ya Heinkel inatulutsa Heinkel 162, imene anaitcha ndege ya anthu wamba. Inauluka pa 6 Disembala, miyezi itatu isanakwane. Mapiko ake anali amatabwa omata ndi guluu, ndipo guluuyo anali wachabe chifukwa fakitale ya guluu wabwino inali itaphulitsidwa. Pa 10 Disembala, akuluakulu ali kuonerera, phiko linamatuka m'mwamba, ndipo woyendetsa, Gotthold Peter, anafera pomwepo. Koma ntchito sinaime. Ndipo kodi anafuna kuti aziyendetsa ndani? Anyamata a m'gulu la achinyamata la Hitler, a zaka ngati zathuzi, amene akadangophunzira pang'ono pa tindege topanda injini, kenaka nkuikidwa m'jeti imene inkavuta ngakhale akatswiri. Mwamwayi nkhondo inatha ganizolo lisanakwaniritsidwe. Ine ndili ndi zaka 17, ndipo njinga yomwe ndimagwa nayo pa mchenga. Ndikawerenga zimenezi sindiona dziko limene linatsala pang'ono kupambana. Ndiona nkhalamba zimene zinadziwa kuti zagonja, koma zinali zokonzeka kutentha ana awo kuti zikhale pa mipando masabata ena owerengeka.

Sindikunyoza nzeru za amisiri aja. Nkhondo itatha, opambana analimbirana ndege zotsala, mapepala, ndi anthu omwe. Von Ohain anatengedwa kupita ku America, ndipo atakumana ndi Whittle anakhala mabwenzi, nalandira limodzi mphoto yaikulu ya umisiri mu 1991. Franz nayenso anapita komweko nakonza injini ya helikoputa imene inatchuka kwambiri. Ku Czechoslovakia anasonkhanitsa zitsulo zotsala napanga ndege zomwezo zowerengeka, naziulutsa mpaka 1951. Injini za ndege zimene zimatera ku Lumbadzi ndi ku Chileka zimapanikiza mpweya m'njira yofanana ndi ya Jumo 004, kungoti zitsulo zake ndi zabwino ndipo zimayenda maola zikwizikwi. Nzeruyo inali yoona. Chimene chinasowa ndi zonse zoichirikiza.

Mnzanga uja akadali nacho chithunzi cha Messerschmitt 262 pakhoma pamwamba pa bedi lake, ndipo sindikumuuza kuti achichotse. Ndikungompempha kuti asandiyankhenso usiku ataimirira pa bedi. Atenge cholembera, atiuze kumene Ajeremani akadatenga nickel, kumene akadatenga oyendetsa, ndi mmene majeti ake akadaimitsira asilikali a Russia pa mtsinje wa Oder. Akonzi andiuza kuti m'magazini yotsatira malo alipo.